Masefa awiri a Euler

Tengani 2, mumuchulukitse ndi 2, yankholo mulichulukitsenso ndi 2, mupitirize choncho mpaka ma 2 onse akwane 31. Mupeza 2,147,483,648. Chotsanipo 1. Yotsalayo, 2,147,483,647, ndi nambala ya madijiti khumi imene anthu a masamu amailemba mwachidule kuti 2³¹ − 1. Funso lake ndi lapafupi, ngakhale mwana wa sitandade 5 akhoza kulimva: kodi ilipo nambala ina, kupatula 1 ndi iyo yomwe, imene ingaigawe popanda chotsala? Palibe. Ili m'gulu la nambala zosagawika, zija amati ma prime, monga 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13. Koma kuchokera pamene munthu woyamba adalemba kuti palibe, padapita zaka zoposa 180 kuti wina anene mawu omwewo ali ndi umboni m'manja. Munthuyo ndi Leonhard Euler, ndipo adalengeza zimenezi mu 1772. Njira imene adadzera ndi imodzi mwa ntchito zaluso kwambiri zimene ndimazidziwa, ndipo ubwino wake ndi wakuti aliyense wodziwa kugawa akhoza kuitsata kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Nzeru yoyamba kubwera m'mutu ndi yongoyesa: kugawa ndi 3, ndi 5, ndi 7, kumangopita. Mwamwayi simufunika kufika kumapeto. Nambala yogawika imachokera pa nambala ziwiri zochulukitsana, ndipo ziwirizo sizingakhale zazikulu zonse. Onani 91, yomwe ndi 7 × 13: imodzi iyenera kukhala pansi pa 10, poti 10 × 10 yadutsa kale 91. Pa nambala yathuyi malire ali pa 46,340, chifukwa 46,341 × 46,341 ndi 2,147,488,281, yomwe yapitirira. Komanso zoyesera ndi zosagawika zokha, pakuti nambala yogawika ndi 15 imagawikanso ndi 3, ndiye 15 n'kungotaya naye nthawi. Ngakhale zili choncho, pansi pa 46,340 pali nambala zosagawika 4,792. Amenewo ndi masamu ogawa 4,792, samu iliyonse yogawa nambala ya madijiti khumi, ndi cholembera cha nthenga choviika mu inki. Kuphonya pamodzi pokha n'kokwanira kugwetsa ntchito yonse, mwini wake osadziwa n'komwe kuti yagwa.

Pietro Cataldi wa ku Bologna adaigwira ntchito yakalavulagagayi mu 1588 pa nambala ziwiri zocheperako za banja lomweli, 2¹⁷ − 1 yomwe ndi 131,071, ndi 2¹⁹ − 1 yomwe ndi 524,287. Pa yachiwiriyi malire ndi 724 ndipo zoyesera zilipo 128. Adagawa, napeza kuti zonse ziwiri n'zosagawika, ndipo adalondola. Kenaka adalumpha pamene manja ake adalekezera n'kunena kuti pa 23, 29, 31 ndi 37 zinthu zili chimodzimodzi. Mwa zinayizi, 31 yekha ndiye woona. Marin Mersenne, wansembe wa ku Paris amene banja lonse la nambalazi limadziwika ndi dzina lake, nayenso adaika 31 pa mndandanda wake wa mu 1644, koma umboni analibe.

N'zomveka kuti anthu ankakopeka. Yesani ndi nambala zosagawika zoyambirira: 2² − 1 ndi 3, 2³ − 1 ndi 7, 2⁵ − 1 ndi 31, 2⁷ − 1 ndi 127, zonse zosagawika. Mtima umafuna kuti zipitirire choncho. Koma pa 11 zimasokonekera: 2¹¹ − 1 ndi 2,047, ndipo iyi ndi 23 × 89.

Ambiri akadangoona pamenepa ngati pamene lamulo lathera. Pierre de Fermat, woweruza milandu wa ku Toulouse amene ankachita masamu pa nthawi yake yopuma, adayang'anitsitsa 23 ndi 89 yemweyo n'kufunsa kuti chifukwa chiyani ziwirizi osati zina. Chotsani 1 pa iliyonse: 22 ndi 88. Zonse zikugawika ndi 11, nambala yomwe ija tidayambira. Sizidangochitika mwangozi, ndipo chifukwa chake mukhoza kuchiona ndi maso anu. Yambani ndi 2, muziwirikiza kawiri, koma mukangodutsa 23 muzichotsa 23 n'kusunga chotsala. Mupeza 2, 4, 8, 16, kenaka 32 kuchotsa 23 kutsala 9, kenaka 18, 13, 3, 6, 12, kenaka 24 kuchotsa 23 kutsala 1. Werengani: masitepe 11. Mukafika pa 1, sitepe yotsatira ikubwezerani pa 2, ndipo mzere wonse uyambiranso. Zotsalazi zimayenda mozungulira, ndipo kunena kuti 23 amagawa 2¹¹ − 1 n'chimodzimodzi kunena kuti pa sitepe ya 11 mwaponda pa 1.

Chimene Fermat adatulukira, n'kuchilemba m'makalata ake a mu 1640, n'chakuti kutalika kwa mzungulirowo sikungakhale kulikonse. Ngati nambala yogawirayo ili yosagawika, kutalikako kumagawa nambala yochepa ndi 1 pa iyo, popanda chotsala. Pa 7 zotsala ndi 2, 4, 1, masitepe atatu, ndipo 3 amagawa 6. Pa 17 ndi 2, 4, 8, 16, 15, 13, 9, 1, masitepe asanu ndi atatu, ndipo 8 amagawa 16. Pa 23 masitepe 11, ndipo 11 amagawa 22. Fermat sadasiye umboni wolembedwa wa lamuloli. Woyamba kusindikizidwa ndi wa Euler, umene adaupereka mu 1736.

Tsono taonani mphamvu yake. Fermat adatenga 2³⁷ − 1, nambala ya madijiti 12, imodzi mwa zija za Cataldi. Lamulo likuti yoigawa iliyonse, mukaichotsera 1, igawike ndi 37. Igawikenso ndi 2, popeza nambala yathu siigawika ndi 2, ndiye yoigawanso singagawike ndi 2. Choncho zoyesera ndi 75, 149, 223, kumadumpha 74 ulendo uliwonse. 75 ndi yogawika, ichoke. 149 siigawa. 223 ikugawa: 137,438,953,471 ndi 223 × 616,318,177. Masamu awiri okha, nkhani yatha. Chimodzimodzinso 2²³ − 1, imene yoyesera yake yoyamba yeniyeni, 47, ndiyo ikuigawa.

Iyi ndiyo sefa yoyamba. Amayi akamasefa ufa sayang'ana kachidutswa kalikonse payekhapayekha kuti aone ngati ndi gaga kapena ufa. Maso a sefa ndiwo amasankha, ndipo nzeru yonse ili mwa amene adadziwa kukula kwa masowo. Pa 2³¹ − 1 sefa ya Fermat imalola nambala zokhazo zoti mukazichotsera 1 zigawike ndi 62: 63, 125, 187, 249, 311 ndi zotsatira zake. Pansi pa malire athu aja zilipo 747, ndipo zambiri mwa izo n'zogawika kale. Ntchito yachepa kwambiri. Koma pali kusiyana kwakukulu pakati pa nambala iyi ndi zija Fermat adaziswa. Nambala ikakhala yogawika, mwayi ukhoza kukugwerani pa ulendo wachiwiri, inu n'kupumula. Ikakhala yosagawika, palibe chidule cha mwayi: muyenera kuyesa zonse mpaka yomaliza. Choncho yoyesera iliyonse imene mungaichotse musanayambe ndi phindu lenileni.

Apa m'pamene Euler adaonjezapo sefa yachiwiri, ndipo ndi gawo limene limanditenga mtima koposa. Chulukitsani nambala yathu ndi 2. Mupeza 4,294,967,294. Onjezanipo 2, mupeza 4,294,967,296, yomwe ndi 65,536 × 65,536 ndendende. Ndiye kuti kawiri ka nambala yathu ndi nambala yodzichulukitsa yokha imene yachotseredwa 2. Kasitepe kameneka kakuoneka ngati kosewera, kuikulitsa nambala imene yatikanika kale chifukwa cha kukula. Koma kaipatsa maonekedwe atsopano, ndipo nambala za maonekedwe amenewa zili ndi khalidwe lawolawo. Tiyeni tizilembe kuyambira pansi. 3 × 3 kuchotsa 2 ndi 7. 4 × 4 kuchotsa 2 ndi 14, yomwe ndi 2 × 7. Zotsatira ndi 23, kenaka 34 yomwe ndi 2 × 17, kenaka 47, kenaka 62 yomwe ndi 2 × 31, kenaka 79, kenaka 98 yomwe ndi 2 × 7 × 7, kenaka 119 yomwe ndi 7 × 17. Ikani 2 pambali, muone zogawa zimene zatuluka: 7, 17, 23, 31, 47, 79. Mulibe 3, mulibe 5, mulibe 11, 13 kapena 19, ndipo ngakhale mutapitiriza mpaka mawa sizidzatulukamo. Tsopano gawani zotulukazo ndi 8. 7 ndi 8 kuchotsa 1. 17 ndi 16 kuonjeza 1. 23 ndi 24 kuchotsa 1. 31 ndi 32 kuchotsa 1, 47 ndi 48 kuchotsa 1, 79 ndi 80 kuchotsa 1. Iliyonse yagundizana ndi nambala ya mu tebulo la 8, kutsogolo kapena kumbuyo. Nambala imene imasiya 3 kapena 5 ikagawidwa ndi 8 ilibe malo pamenepa.

Bwererani kwa Fermat ndi 149 wake uja. 149 mukamugawa ndi 8 amasiya 5. Sefa yachiwiriyi ikadamuchotsa asanamuyese, ndipo 223, amene amasiya 7, akadakhala woyamba.

Kulumikiza masefa awiriwa ndi ntchito ya mphindi zochepa. Tengani zoyesera zinayi zoyamba: 63 amasiya 7 pogawa ndi 8, akhale, 125 amasiya 5, achoke, 187 amasiya 3, achoke, 249 amasiya 1, akhale. Pa zinayi zilizonse ziwiri zimachoka, ndipo dongosololi limabwerezabwereza pakatha 248. N'chifukwa chake m'kalata yake ya mu 1772, yopita kwa mmodzi wa a m'banja la Bernoulli ndipo idasindikizidwa m'mabuku a akademi ya ku Berlin, Euler adafotokoza kuti yogawa iliyonse ya 2³¹ − 1 iyenera kukhala ya mtundu wa 248n + 1 kapena 248n + 63. Pansi pa malire aja nambala zotere zilipo 373. Mukachotsamo zogawika zimatsala zosakwana 100.

Zoyambirira zimagwa zokha. 63 ndi 7 × 9. 249 ndi 3 × 83. Yoyamba kuimirira ndi 311. Tiyeni tiigwire ntchitoyo kamodzi kuti timve kulemera kwake: 311 × 6,905,000 ndi 2,147,455,000, kuchotsa pa nambala yathu kutsala 28,647, 311 × 92 ndi 28,612, kutsala 35. Chotsala chilipo, choncho 311 sakugawa. Zotsatira zisanu ndi ziwiri, 497, 559, 745, 807, 993, 1,055 ndi 1,241, zonse n'zogawika, ndiye mumangozidumpha. Yachiwiri yoyesera ndi 1,303, yachitatu 1,489. Mwafika kale pafupi ndi 1,500 mutagawa katatu kokha, pamene njira ya Cataldi ikadakhala itakudyerani masamu oposa 200. Mukapitiriza choncho mpaka pamwamba, chotsala chimapezeka ulendo uliwonse.

Chimene ndimasirira pamenepa n'chakuti palibe nambala ndi imodzi yomwe imene idatayidwa mongoganizira. Zoposa 4,600 zimene sadazikhudze, iliyonse ili ndi chifukwa chake chochokera, ndipo chifukwacho mukhoza kuchifunsa n'kuyankhidwa. Bwanji simudayese 101? Chifukwa 100 sagawika ndi 31. Bwanji 373, poti 372 ndi 62 × 6? Chifukwa pogawa ndi 8 amasiya 5. Wogwira ntchito mwaulesi amachepetsa ntchito n'kuchepetsanso kudalirika kwa yankho. Euler adaichepetsa maulendo pafupifupi makumi asanu, yankho n'kukhala lolimba kuposa kale, popeza masamu osakwana 100 munthu wina akhoza kuwabwereza n'kutsimikiza, pamene 4,792 sangapezeke wowabwereza.

Diso lotereli adali nalo kuyambira ali mnyamata. Fermat ankakhulupirira kuti 2³² + 1, yomwe ndi 4,294,967,297, n'njosagawika. Mu 1732, ali ndi zaka 25, Euler adaonetsa kuti ndi 641 × 6,700,417. Pambuyo pake adatsimikiza kuti yogawa iliyonse ya nambala imeneyi iyenera kusiya 1 ikagawidwa ndi 64, ndipo zosagawika zoyambirira za mtundu umenewo ndi 193, 257, 449, 577, 641. Yachisanu ndiyo. Chodabwitsa n'chakuti chida chofunikira chinali lamulo la Fermat mwini wake. Nambala ziwirizi zili pafupi kwambiri, poti kawiri ka 2,147,483,647 kangochepa ndi 3 pa 4,294,967,297, koma ina imasweka, ina siisweka, ndipo munthu mmodzi ndiye adagamula zonse ziwiri, zaka 40 zili pakati.

Pa zaka 40 zimenezo zambiri zidasintha. Euler, amene adabadwira ku Basel mu 1707, adayamba kufa diso lamanja ali ndi zaka za m'ma 30. Atabwerera ku St Petersburg mu 1766 kuchokera ku Berlin, ng'ala idagwira diso linalo. Mu 1771 moto udatentha nyumba yake, ndipo opaleshoni ya diso ya chaka chomwecho idangothandiza kwa kanthawi. Pamene kalata ija inkalembedwa, anali ngati wosaoneratu. Ankanena, ana ake ndi omuthandiza n'kumalemba, ndipo zambiri ankawerengetsera m'mutu. Mu 1772 momwemo mudatulukanso buku lake lalikulu la kayendedwe ka mwezi. Ndimaona kuti munthu wotere sakadakhala ndi nthawi yotaya pa masamu osafunikira, ndipo kachitidwe kake kakuonetsa zomwezo.

Chimene chinkawakokera anthu onsewa ku banja la nambalazi ndi nkhani yakale kwambiri ya nambala zangwiro, zija zimafanana ndi zogawa zake zonse zikaphatikizidwa. 6 ndi 1 + 2 + 3. 28 ndi 1 + 2 + 4 + 7 + 14. Zotsatira ndi 496 ndi 8,128. Euclid adaonetsa kalekale kuti nambala ya banja ili ikakhala yosagawika imabala yangwiro: 3 × 2 ndi 6, 7 × 4 ndi 28, 31 × 16 ndi 496, 127 × 64 ndi 8,128. Choncho 2,147,483,647, pokhala yachisanu ndi chitatu m'banjali, imabala yangwiro yachisanu ndi chitatu, 2,305,843,008,139,952,128. Euler adatsimikizanso mbali inayo, kuti nambala yangwiro iliyonse yogawika ndi 2 imachokera m'njira yomweyi. Nambala yathu ilinso m'kagulu kena kakang'ono: 31 mwini wake ndi 2⁵ − 1, choncho ndi ya banjali kawiri. Zodziwika zotere zosagawika zilipo zinayi zokha: 7, 127, iyoyi, ndi 2¹²⁷ − 1.

Mu 1811 katswiri wa masamu wa ku England, Peter Barlow, adalemba kuti sakuganiza kuti wina adzavutikanso kufuna yangwiro yoposa iyi, popeza nambalazi n'zongosangalatsa, zopanda ntchito. Pa mbali imodzi ankaona bwino: njira yoyesa zogawa inali itayandikira pothera. Masefa amathandizabe, koma nambala zikamakula, zotsala mu sefa zimachuluka kuposa moyo wa munthu. Pamene Frank Nelson Cole adaswa 2⁶⁷ − 1 mu 1903, yogawa yaing'ono inali 193,707,721, ndipo ikumvera malamulo onse awiri: mukaichotsera 1 igawika ndi 134, pogawa ndi 8 isiya 1. Padafunika luso la mtundu wina, ndipo adabwera nalo ndi Édouard Lucas wa ku France, amene mu 1876 adatsimikiza pamanja kuti 2¹²⁷ − 1, ya madijiti 39, n'njosagawika popanda kuyesa yogawa iliyonse. Njirayo, monga adaikonzera D. H. Lehmer mu 1930, ndi yaifupi modabwitsa. Yambani ndi 4, muichulukitse ndi iyo yomwe, muchotse 2, mugawe ndi nambala imene mukuiyesayo, musunge chotsala, mubwereze. Pa 31 zikuyenda chonchi: 4, kenaka 14, kenaka 194 amene amasiya 8, kenaka 62 amene sasiya kanthu. Kufika pa 0 pa sitepe yoyenera ndiwo umboni. Pa nambala ya Euler masitepe ndi 29. Makompyuta amagwiritsabe ntchito njira imeneyi potsimikiza nambala zazikuluzikulu, monga imene idapezeka mu 2024, 2 wa mphamvu ya 136,279,841 kuchotsa 1, ya madijiti oposa 41 miliyoni.

Pa za kupanda ntchito Barlow adaphonya. Kompyuta imawerenga ndi 0 ndi 1, ndipo m'kalembedwe kameneko 2,147,483,647 ndi ma 1 okhaokha okwana 31. Mapulogalamu ambiri amasunga nambala m'malo 32, amodzi n'kukhala osonyeza ngati ili pamwamba kapena pansi pa 0, choncho iyi ndiyo yaikulu kwambiri imene ingakwanemo. Makina amene amasunga nthawi motere, powerenga masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970, adzafika pa nambalayi pa 19 Januwale 2038, nthawi ili 03:14:07 pa wotchi ya UTC, n'chifukwa chake ambiri asamutsidwira kale ku malo 64. Pamenepa kusagawika kwake kulibe gawo, kwangokumanizana.

Koma palinso pena pomwe kusagawikako ndiko kukugwira ntchito. Makompyuta amafuna nambala zooneka ngati zongogwa mwamaere, zoyeserera zinthu monga mizere ya anthu kubanki kapena kufala kwa matenda. Njira ina yotchuka, imene Stephen Park ndi Keith Miller adailimbikitsa mu 1988, ndi mzungulire womwe uja tidachita ndi 23, kungoti wakula: tengani nambala, muichulukitse ndi 16,807, mugawe ndi 2,147,483,647, chotsalacho ndicho nambala yotsatira. Lamulo la Fermat likuti kutalika kwa mzungulirowo kuyenera kugawa 2,147,483,646, ndipo 16,807, yemwe ndi 7 × 7 × 7 × 7 × 7, adasankhidwa mwa zina chifukwa amaufikitsa pa kutalika konseko, n'kuponda nambala iliyonse kuyambira 1 mpaka 2,147,483,646 kamodzi asanabwerere poyambira. Nambala yogawirayo ikadakhala yogawika, zimenezi sizikadatheka. Wolemba pulogalamu wofuna kudziwa ngati wailemba bwino amayamba ndi 1, n'kuiyendetsa maulendo 10,000, ndipo iyenera kumupatsa 1,043,618,065.